Nkhope ya pa Khoma la Saluni

Pa Liwaladzi, ukatsika minibasi n'kumwaza maso uku ndi uku, sungapeze khoma limene Maganizo sanaligwirepo ndi burashi. Tambala wa pamalo ogulitsira chipisi ndi wake. Ng'ombe ya pa butchala, ija ya maso achisoni ngati ikudziwa kumene ikupita, ndi yakenso. Ukatsetserekera kunyanja, mayina onse a pa mabwato, a Zatonse ndi a Mulungu Alipo, anatuluka m'dzanja lomwelo. Anali bambo wamtali, wosalankhulalankhula, wa buluku lodontheredwa penti wamitundumitundu, moti anthu ankati ukafuna kudziwa kumene Maganizo wagwira ntchito mwezi uno, ungomuyang'ana m'mawondo.

Pa makoma onsewo panali limodzi limene iye sankaliona ngati ntchito. Linali khoma lam'mbali la saluni ya mayi Zainab, loyang'ana njira yotsikira kudoko. Pamenepo panali nkhope yaikulu ya mzimayi, yoyambira m'chiuno mwa munthu woimirira mpaka kukagunda denga. Alendo ankangoona mzimayi wolukidwa bwino tsitsi woitanira makasitomala. Eni mudzi ankadziwa kuti ameneyo ndi Sofiya, mkazi wa Maganizo.

Anamujambula chaka chimene anakwatirana. Mayi Zainab anali atangotsegula saluniyo ndipo ankafuna mutu wa munthu pakhoma. Maganizo analibe buku loti aoneremo, koma anali ndi mkazi. Sofiya anakhala pa ndowa yovundikira m'mawa wonse, dzuwa likumuwomba, mwamuna wake akujambula. Patapita zaka zochepa Sofiya anadwala mwadzidzidzi nthawi yokolola mpunga, ndipo mpungawo usanaume n'komwe anali atamuika m'manda. Anasiya mwana wamkazi, Jenifa, akungophunzira kumene kuyenda. Chithunzi cha pa ukwati chinalipo chimodzi, chosungidwa m'sutikesi kunsi kwa bedi, koma chiswe sichidziwa za maliro. Chinadya sutikesi, chithunzi, ndi malaya a ukwati omwe. Kunatsala khoma lija basi.

Khoma la kunyanja silisunga penti. Chinyezi chimakwera kuchokera pansi, mwera n'kudzamalizitsa ndi mchenga. Ndiye chaka chilichonse mvula ikangokata, Maganizo ankafika ndi tizitini take popanda womuitana, n'kuyamba kukonza mkazi wake: apa tsaya lasuluka, apa khutu lakanganuka. Mayi Zainab, pokhala munthu wa geni, sankataya mwayi. Ankamuuza kuti poti burashi ili kale m'manja, asinthe ndi tsitsilo ligwirizane ndi zimene atsikana akufuna chaka chimenecho. Motero Sofiya anavala masitayilo onse amene anafika pa Liwaladzi, ngakhale amene anatulukira iye ali kale kuli chete. Maganizo sankadandaula. Tsitsi ndi tsitsi, iye zake zinali nkhope.

Jenifa anakula ndi dzanja la bambo ake, koma mutu unali wakewake. Burashi ankati imachedwa. Iye ndi anzake ena a ku boma ankagwiritsa ntchito penti wopopera wa m'zitini, atamanga kansalu kukamwa, ndipo ankalemba pamene sanatumidwe: pa makalavati a mumsewu, pa zipupa za nyumba zimene nyanja inalanda chaka chimene madzi anakwera kwambiri, ngakhale pa galimoto yakufa ya kuseri kwa chigayo. Zilembo zawo zinali zonenepa, zopiringizana ngati ukonde umene ana aseweretsa, zoti uziwerenge mpaka utapendeka khosi. Maganizo ankati kumeneko si kulemba koma kuyetsemula. Jenifa ankabweza kuti ng'ombe ya pa butchala ija ikufunika kuthamangira nayo kwa dokotala wa ziweto. Ankakhala choncho bambo ndi mwana wake, kunyozerana ntchito uku akubwerekana mafuta otsukira m'manja. Koma ngakhale achinyamatawo anapopera paliponse pamene dzanja likanafika, khoma la saluni sanalikhudzepo, ndipo palibe amene anawaletsa.

Chaka chino manja a mayi Zainab anayamba kunjenjemera, tsitsi la anthu n'kumawapulumuka. Anasamukira kwa mwana wawo ku Dwangwa, ndipo nyumbayo anaigula a Fakiri, amene ankagulitsa maukonde, zingwe ndi nyali za asodzi. Lachisanu lina, potuluka mumzikiti, a Fakiri sanalunjike kwawo. Anafika kwa Maganizo ali mu mkanjo wawo woyera, n'kukhala pakhonde. Anafunsa za kudzuka, za mpunga wa kudambo, za mwendo umene unkamuvuta Maganizo nthawi yozizira. Anazungulira mpaka zofunsa zinawathera.

"A Maganizo, ndabwera ndi nkhani yolemera, ndipo sindinafune kuti muimvere pamsika," anatero a Fakiri. "Kachipinda kakumbuyo kaja ndizikaswaliramo, komanso bambo anga azibwera kudzakhala nane masana. Inu mwakulira pakati pathu, mukudziwa mmene chipembedzo chathu chimaonera nkhope za anthu pakhoma. Ndikudziwa kuti amene ali pakhomawo ndi alamu athu. Ngati zikuvutani, ndiitana munthu wa ku boma adzapake, inu osaonako."

Maganizo anayang'ana nkhuku imene inkapalasa pafupi ndi mapazi awo. Sanawakwiyire a Fakiri. Munthu wagula nyumba, wabwera yekha ndi miyendo yake kudzapepesa za khoma lake lomwe, ungamunene chiyani? Koma anaganiza za munthu wa ku bomayo, mlendo woimba mluzu, akupukuta nkhope ya Sofiya ngati akupukuta tebulo.

"Ndinamuikapo ndine," anatero Maganizo. "Ndimuchotsanso ndine."

A Fakiri sanatchule tsiku, ndipo Maganizo anapezerapo mpata. Sabata yoyamba anati burashi yaikulu yathothoka. Yachiwiri anati mwera wakula, penti angadzaze mchenga. Kenako anati penti woyera wa m'golosale ya pamenepo ndi madzi okhaokha, adikira wina achokere ku Salima. A Fakiri ankangovomera, uku akukhoma mashelefu m'kati, maukonde ataunjikidwa pakhonde. Zoona zake n'zakuti Maganizo ankaopa. Ankaopa kuti khomalo likangoyera, tsiku lina adzatsinzina kuti amuone Sofiya n'kupeza m'mutu muli mbee ngati khomalo.

Mantha amamuphunzitsa munthu kudzichepetsa. Masana ena Maganizo anatsikira kunyanja kukamusaka mwana wake. Anamupeza pa shedi yakale yowambira nsomba, yopanda denga, imene mbali imodzi inali idakali m'madzi. Jenifa anali atakwera pa bwato logadabuzika, akupopera kampango wamkulu wa ndevu zobiriwira zotalika mpaka pakona. Bamboyo anaima kaye n'kumaonerera. Akanakhala masiku ena akanafunsa kuti kampango wobiriwira amagwidwa nyanja iti, koma lero anameza. Anakhosomola, n'kunena kuti khoma la mbali inayo n'losalala bwino, lilibe mwini, ndipo penti wa m'zitiniyo akuoneka kuti amagwira kuposa mmene iye ankaganizira. Anati poti Jenifa ali nacho chithunzi cha khoma la saluni m'foni yake, bwanji awasamutsire mayi ake pamenepo. Sananene chifukwa chimene iye mwini sakanachitira zimenezo. Kwa zaka zonsezi anali asanamujambulepo Sofiya pa khoma lopanda kanthu, ankangotsata mizere imene inalipo kale.

Jenifa anatsitsa kansalu kakukamwa, n'kutsika pabwatopo. Anakhutchumula chitini chija kwa nthawi, ngakhale sankafuna kupoperanso.

"Bambo, ndikajambula chimene chili m'fonimu ndiye kuti ndikudzijambula ndekha," anatero.

Maganizo anati sakumva. Jenifa anafotokoza mofatsa, maso ali pansi. Anati chiyambire ali ku sekondale anyamata a kabaza amamutcha wa pa saluni. Anati azimayi a pamsika amamufunsa kuti analuka liti sitayilo imene ili pakhomayo. Anati wakhala akufuna kunena, koma ankati akaona mmene bambo ake amapukutira khomalo ndi kansanza, mawu ankamuthera. Maganizo anaseka pang'ono n'kunena kuti nanga chodabwitsa n'chiyani, mwana amafanana ndi mayi ake.

Apa Jenifa anadzutsa mutu n'kuloza pachibwano pake. "Kachipsera aka ndinagwa pa njinga ya amalume ndili sitandade 3. Munandibereka nokha kupita nane kuchipatala. Nanga kanafika bwanji pachibwano cha amayi?"

Maganizo anasasa mchenga umene sunalipo pa buluku lake, n'kutembenuka. Pokwera chitunda anadzera njira ya kudoko, ndipo anaima patsogolo pa khoma lija monga ankaimira masiku onse. Kachipserako kanalipo. Kanali kakang'ono, kokhota, kojambulidwa mosamala ndi burashi yake yopyapyala ija, yolembera manambala a pa mabwato. Sankakumbukira chaka chimene anakajambula. Anayang'ana mphuno, anayang'ana mphumi, ndipo ponseponse anamupeza mwana amene anamusiya kunyanja uja. Anatsinzina kuti amuitane Sofiya m'mutu mwake, koma anabwera Jenifa yemweyo.

Izi zinamupweteka kuposa uthenga wa a Fakiri. Chimene ankaopa kutaya anali atachitaya kalekale, pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ndipo wakuba wake linali dzanja lake lomwe. Analera mwana yekha, kumusambitsa, kumupesa, kumuyang'ana kumaso m'mawa uliwonse ngati wadwala kapena ayi, ndipo dzanjalo linaloweza nkhope imene maso ankaona. Madzulo a tsikulo sanalankhulane. Jenifa anaika chakudya patebulo n'kukakhala kukhitchini, bamboyo anangotsinako pang'ono n'kukagona.

M'mawa mwake anafika pa saluni ndi ndowa, makwerero ndi penti woyera wa m'golosale yemwe ankamunyoza uja. Panalibenso chodikira. A Fakiri anamupeza akuyala masaka pansi, ndipo atamuona nkhope sanafunse zambiri.

Maganizo anali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Pokonza chithunzi ankangodzaza pamene pasuluka, koma popaka khoma lonse sankalola penti watsopano kukhala pamwamba pa wotupa. Ankayamba wapala kaye. Chaka chimenecho chinyezi chinali chitakwera kuposa kale, ndipo penti wa pa khomalo anali atatupa matuza ponseponse. Anatenga chitsulo chake chopalira, n'kuchilowetsa pachibwano, pa kachipsera pomwepo, mwaukali pang'ono. Penti anasendeka chibenthu chachikulu ngati khungu la chinangwa chovuwika. Kunsi kwake sikunali simenti. Kunali chibwano china, chakuderapo, chopanda chipsera.

Anaima chitsulo chili m'manja. Anapalanso pambali pake, mofatsa tsopano, ndipo chibwano chachiwiricho nachonso chinasendeka n'kuonetsa chachitatu. Apa anaika chitsulocho pansi, n'kupempha a Fakiri kampeni kodulira zingwe za ukonde.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Maganizo anakhala pa makwerero dzuwa likukwera, akusenda ndi nsonga ya kampeniko, kuuzira fumbi, kusendanso. Kumutu kunatuluka wigi yofiira ya chaka china, kunsi kwake meshi, kunsi kwa meshi timalukidwe tating'onoting'ono timene atsikana a masiku ano sangatidziwe n'komwe. Anthu opita kudoko ankaima, kuonerera, n'kumapitirira atatopa, poti ntchito yake inkayenda ngati ya nyerere. Wina anafunsa ngati a Maganizo ataya ndolo m'khomamo. A Fakiri anabweretsa tiyi n'kumuika pa njerwa, tiyiyo anazizira ntchentche n'kugweramo. Atabwera anthu ena ofuna kuloza ndi zala, a Fakiri anawakankhira kumbali mwaulemu.

Pansi penipeni panali penti woyamba, wamafuta, wa masiku amene penti anali penti. Choyamba kutuluka zinali mphini, timizere titatu takuda m'mbali mwa diso. Maganizo anaimitsa kampeni kaja. Sofiya anatemedwa mphini zimenezo ali mwana chifukwa cha mutu umene unkamuvutitsa, ndipo Maganizo anazikwirira chaka chimene mayi Zainab ananena kuti atsikana akuti n'zachikale. Ankati adzazibwezeretsa chaka chamawa. Chaka chamawacho anaiwala, ndipo kenako anaiwala kuti anaiwala.

Anapitiriza kusenda. Linatuluka diso, laling'ono kusiyana ndi maso aakulu amene ankajambula zaka zonsezi. Silinkayang'ana kunjira kumene kumachokera makasitomala. Linkayang'ana cham'mbali, pamene pamaima wojambula. Linatuluka tsaya lotakata, ndi theka la kamwa lotsekedwa mwamphamvu ngati la munthu amene akubisa kuseka. Apa Maganizo anakumbukira zonse za m'mawa umenewo. Sofiya anali atasiya nyemba pamoto, ndipo ankangoti, "Fulumirani inu, nyemba zipserera," iye n'kumamuuza kuti atseke pakamwa akujambula milomo. Nyembazo zinapsereradi, ndipo anadya zomwezo.

Sanali wokongola ngati wa pamwamba uja. Anali wakuda kwambiri, wa nkhope yotakata, ndipo dzanja limene linamujambula linali la mnyamata wosadziwa bwino kusakaniza penti. Koma anali Sofiya.

Theka lina la nkhopeyo silinapezeke. Kumeneko chinyezi chinali chitadya mpaka pulasitala, ndipo zonse zinagwa pamodzi ngati ufa. Ngakhale chotsalacho sichinali cholimba. Penti wa pamwamba uja ndiye ankachigwira, ndipo tsopano m'mphepete mwake munali mutayamba kupindika. Mwera nawo unali utayamba kuwomba kuchokera kudoko. Maganizo anatsika pa makwerero, anapukuta manja, n'kumuimbira foni mwana wake. Anangomuuza kuti abwere msanga pa saluni, zitini azisiye komweko.

Jenifa anafika akupuma mothamanga, zala zili zobiriwira. Ankaganiza kuti bambo ake agwa pa makwerero. Atawaona ali chiimire anafuna kulankhula, koma iwo anangoloza khoma ndi kampeni kaja. Mtsikanayo anayang'ana. Poyamba anangoona zigamba za penti wosendeka, zofiira, zakuda, zachikasu. Kenako analiona diso lija, ndipo anasiya kupuma mothamanga.

Anatulutsa foni, poti ana a masiku ano dzanja limathamangira kumeneko lokha. Anajambula, anayang'ana, anasunthira kumbuyo n'kujambulanso. M'fonimo munkangotuluka khoma lothimbirira, ngati la nyumba iliyonse imene yagwa nkhungu. Diso lija linkaoneka ndi maso okha, ndiponso ukaima pamalo amodzi, pomwe ankaima wojambula. Anaibweza foniyo m'thumba.

"Ndi amenewa?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndi amenewa," anayankha Maganizo.

Anamufotokozera za mphinizo, za mutu umene unkawavutitsa mayi ake, za ndowa yovundikira ndi nyemba zopserera. Zinthu zimenezi anali asanamuuzepo, osati chifukwa chobisa, koma chifukwa nazonso zinali kunsi kwa penti. Jenifa anamvetsera osachotsa maso pakhoma. Kenako ananena kuti safanana nawo ngakhale pang'ono, ndipo bambo ake anavomera kuti ee, iye anatengera kuchimuna, mphuno ndi ya agogo ake a ku Mwadzama. Anaseka onse pang'ono, kuseka kwa anthu amene misozi ili pafupi.

A Fakiri anali ataima pakhomo la shopu yawo. Anayandikira n'kunena kuti khomalo silikuthawa, lingathe kudikira sabata ina kapena mwezi, bambo awo akabwera azidzera khomo lakutsogolo. Maganizo anathokoza, koma anapukusa mutu. Anati penti ameneyo safika madzulo. Akulankhula choncho mphepo inawomba, ndipo kachidutswa ka tsaya kanakanganuka n'kugwera pa saka. A Fakiri anakayang'ana, n'kubwerera m'shopu mwakachetechete, ndipo kukhoma mashelefu kuja sikunamvekenso.

Jenifa anapukuta zala zake zobiriwirazo pa jinzi yake, anazipukutanso, ngakhale penti sankachoka. Anayandikira khoma mpaka pamene diso lija linkamuyang'ana iyeyo. Ndiye mtsikana amene anthu a pa Liwaladzi ankati sadziwa kugwadira munthu anagwada pa masakawo, pa zidutswa za wigi ndi meshi, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira mwana akapeza mlendo wamkulu pakhonde.

"Muli bwanji, amayi?" anatero. "Ndine Jenifa."

Maganizo ananyamula ndowa yake n'kupita kumapeto kwenikweni kwa khomalo, kutali ndi awiriwo. Anatakasa penti nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira, n'kuyamba kupaka kuchokera pakona, pang'onopang'ono, atawafulatira.